Wachibale akasowa: zoyenera kuchita kuyambira tsiku loyamba

M'maboma a Salima ndi Nkhotakota muli mabanja amene mpaka lero sadziwa kumene kuli mwana, mwamuna, mkazi kapena kholo lawo. Ena analowa m'nyanja madzulo kukapha usipa, mwera n'kuwapeza ali pakati pa madzi, ndipo chimene chinabwerera kumtunda ndi bwato lokha. Ena anatsanzika bwinobwino kuti akukadula nzimbe ku Dwangwa kapena akukagwira utenanti m'minda ya fodya ku Kasungu. Ena anakwera basi ya ku Joni, anaimba foni kamodzi ali pachipata cha Dedza, kuchokera pamenepo kunali zii. Palinso ana amene anatumidwa kuchigayo osabwerako, ndi agogo amene anangotuluka m'nyumba mbandakucha anthu ali m'tulo. Banja loferedwa limalira, limaika maliro, limameta, moyo n'kumapitirira movutikira momwemo, koma banja limene munthu wake wasowa silidziwa ngati lilire kapena lidikire, ndipo limatha zaka likudzidzimuka foni ikangolira usiku.

Si onse osowa amene amapezeka, ndipo sindikufuna kupatsa munthu chiyembekezo chabodza. Chimene ndikuona n'chakuti nkhani zambiri zimazilala msanga pa zifukwa ziwiri zimene banja likanatha kupewa, zomwe ndi kuchedwa kukanena ndi kusalemba zimene zikuchitika. Malangizo ali m'munsimuwa atsamira pa mfundo ziwirizi.

Choyamba: musadikire kuti kuche

Pakhomo sipalephera munthu wonena kuti, “Tiyeni tione kaye mawa, mwina wagona kwa anzake.” Mawu amenewa amatonthoza mtima, koma ndi amene amataya maola ofunika kwambiri. Ngati wosowayo ndi mwana, wokalamba amene wayamba kuiwalaiwala, munthu wachialubino, wodwala khunyu kapena matenda a maganizo, mayi woyembekezera, kapena msodzi amene anzake atuluka m'nyanja iye osaoneka, yambani kufufuza nthawi yomweyo, ngakhale uli usiku. Kwa munthu wamkulu wathanzi, chokuuzani ndi khalidwe lake: ngati sagona kunja osanena, foni yake yazima mosayembekezereka, ndiponso kumene anati akupita sanafikeko, pamenepo pali chifukwa chokwanira.

Yambirani pafupi. Yang'anani m'nyumba monse, m'khitchini, m'bafa, m'chimbudzi chakale chimene chinasiyidwa, m'zitsime zosavindikira, m'maenje oumbira njerwa amene adzadza madzi, m'dimba ndi m'mphepete mwa mtsinje. Mwana wamng'ono kawirikawiri sapita kutali, ndipo choopsa chachikulu kwa iye ndi madzi. Kenako onani zimene zachoka m'nyumbamo. Ngati chikwama, chiphaso cha unzika, zovala zabwino ndi ndalama palibe, n'kutheka kuti munthuyo wakonzekera ulendo. Ngati wasiya foni, nsapato ndi mankhwala amene amamwa tsiku ndi tsiku, nkhaniyo ndi ina, ndipo apolisi ayenera kudziwa zimenezi. Chipinda chake musachisese kapena kuchikonza, ndipo makope, makalata ndi timapepala tolembedwa manambala a foni musataye.

Uzani amfumu mwamsanga, pamodzi ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, chifukwa iwo ndi amene angaitane anthu kuti agawane njira. Pakhomo patsale munthu wamkulu mmodzi wokhala ndi foni yamoto wokwanira, kuti wosowayo akabwerera kapena wina akabwera ndi uthenga asapeze nyumba yotseka.

Chachiwiri: sankhani munthu mmodzi ndipo mugule kope

Ili ndi gawo limene mabanja ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limasunga nkhani kuti isafe. Tsiku loyamba aliyense amayankhula: amalume auza apolisi kuti anavala malaya ofiira, azakhali auza a wayilesi kuti anali obiriwira, mlamu wapereka nambala yake pa Facebook, mchemwali wapereka ina. Pakatha sabata palibe amene akukumbukira kuti munthu uja anamuona komaliza ndani, nthawi yanji.

Khalani pansi ndi mwinimbumba ndipo musankhe munthu mmodzi wodekha, wodziwa kulemba, amene foni yake sizimazima. Sizikutengera kuti ndi wamkulu pa onse ayi. Akhoza kukhala mdzukulu wa ku sekondale woyenda ndi amalume ake. Iyeyo ndiye azilandira mafoni, azipita kupolisi, ndiponso azisunga kope. M'kopemo patsamba loyamba mulembe dzina lonse la wosowayo ndi maina ena amene anzake amamutchula, zaka zake, mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu, msinkhu, khungu, zovala, ndi zizindikiro zimene sizisintha monga chipsera, mphini, dzino loguluka, chala chopindika kapena kayendedwe kotsimphina. Zovala munthu amasintha, koma chipsera cha moto pamkono chimakhalapobe ngakhale patapita zaka.

Masamba otsatirawo akhale a tsiku ndi tsiku: tsiku, nthawi, amene mwayankhula naye, nambala yake ndi zimene wanena, ngakhale zikumveka zachabechabe. Wakabaza akati anamunyamula Lachiwiri masana kuchokera pa Kamuzu Road kukamusiya pa siteji ya maminibasi a ku Lilongwe, lembani mawu akewo momwe wanenera, osaonjezera maganizo anu. Mulembenso ndalama zimene abale asonkha ndi mmene zagwirira ntchito, pakuti mikangano ya ndalama yagawanitsa mabanja ambiri kufufuza kusanafike pena paliponse.

Chachitatu: kupolisi

Pitani kupolisi imene ili pafupi ndi kumene munthuyo anaonedwa komaliza, kaya ndi ya Salima, ya Chipoka, ya Nkhotakota kapena ya Nkhunga ku Dwangwa. Ngati kuli kutali ndipo zinthu zikuoneka zoopsa, imbani 997 muli m'njira. Nkhani ikakhudza mwana, imbaninso 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo mukafika kupolisi mufunse ofesi ya Victim Support Unit, imene imaona za ana, amayi ndi nkhanza za m'banja. Tengani chithunzi chaposachedwa chooneka bwino nkhope, osati chimene chakongoletsedwa pafoni mpaka khungu kusintha, nambala ya chiphaso cha unzika ngati muli nayo, buku lake lakuchipatala, manambala onse a foni amene amagwiritsa ntchito, ndiponso munthu amene anamuona komaliza kuti akafotokoze yekha.

Pano ndikupemphani chinthu chovuta: kanenani zoona zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Ngati panali ndewu usiku umenewo, nenani. Ngati mtsikanayo anali woyembekezera ndipo bambo ake anamuopseza, ngati mnyamatayo anali ndi ngongole ya katapila kapena ya banki m'khonde, ngati bamboyo anali ndi mkazi wina kugombe lina, ngati munthuyo anayankhulapo zodzipha, zonsezi ndi njira zimene wapolisi angatsate. Banja likabisa pofuna kusunga ulemu, wofufuza amayamba kulowera kolakwika ndipo masiku amatha. Musabise ngakhale pamene kukayika kwanu kukugwera wachibale. Mu 2018 mnyamata wachialubino anasowa ku Machinga m'mwezi wa Marichi, mtembo wake unapezeka mu Epulo, ndipo mwa anthu 12 amene khoti lalikulu linawapeza olakwa mu 2022, mmodzi anali mchimwene wake weniweni. Wachialubino akasowa, dziwitsaninso bungwe la anthu achialubino la APAM tsiku lomwelo.

Musachoke pa kauntala musanalembe m'kope mwanu zinthu zitatu: nambala imene nkhani yanu yalembedwera m'buku la OB (buku limene apolisi amalembamo nkhani iliyonse yofika kwa iwo), dzina ndi udindo wa wapolisi amene walandira nkhaniyo, ndi dzina la wofufuza amene wapatsidwa ntchitoyo, kawirikawiri wa ku CID. Sitetimenti yanu muiwerenge kapena akuwerengereni musanasaine kapena kudinda chala. Pemphani mwaulemu kuti uthenga utumizidwe ku mapolisi ena ndi ku marodibuloko a pa msewu wa M5 ndi wa M14, ndiponso kuti mneneri wa polisiyo apereke chithunzi ku nyumba zoulutsa mawu. Kukanena kuti munthu wasowa n'kwaulere. Ngati pali chikalata chimene mwauzidwa kuti mulipire, funsani risiti ya boma.

Ngati wasowera panyanja kapena mumtsinje

Kuno kwathu nkhani zambiri ndi za m'madzi, ndipo kafufuzidwe kake n'kosiyana ndi ka kumtunda. Oyamba kuwafunsa ndi mwini zida, siginala (wotsogolera asodzi ndi nyali panyanja) ndi anzake amene analowa nawo, kenako akomiti ya pagombe ya BVC, amene amadziwa maboti onse otuluka ndi olowa pamalopo. Funsani mwatsatanetsatane: analowa nthawi yanji, anali angati, ukonde wa chilimira anauponya cha kuti, nyali yake inaoneka komaliza nthawi yanji, mafuta a injini anali ochuluka bwanji, bwatolo ndi la mtundu wanji ndipo linalembedwa mawu otani m'mbali. Aliyense mumufunse payekha, chifukwa anthu akakhala pagulu amangovomerezana ndi amene wayamba kuyankhula.

Kenako ganizirani mphepo. Mwera, umene umalimba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umachokera kummwera, choncho bwato lozimikira injini kufupi ndi Senga Bay kapena chilumba cha Mbenji limakankhidwira kumpoto, cha ku Domira Bay, ku Chia, ku Nkhotakota mpaka ku Dwangwa. Mpoto ukamaomba, yang'anani cha ku Chipoka ndi kupitirira kummwera. Asodzi akuluakulu a pagombe amadziwa bwino kumene madzi amatayira zinthu pa nyengo iliyonse, ndipo mawu awo muwatenge mozama. Musaiwale tsidya la Mozambique: kuchokera ku Nkhotakota, Metangula ali moyang'anizana, ndipo asodzi otengedwa ndi mphepo akhoza kukafika kumeneko ali moyo koma opanda foni, opanda ndalama, opanda chiphaso. Pemphani apolisi kuti alumikizane ndi anzawo a panyanja komanso a tsidya lija, inu n'kutumizanso uthenga kudzera mwa amalonda a usipa amene amaoloka kawirikawiri.

Pali chinthu chowawa chimene banja liyenera kudziwa msanga. Thupi la munthu womira limayandama pakapita masiku angapo, ndipo likapezeka litaonongeka, azaumoyo ndi apolisi amalangiza kuti liikidwe pafupi pomwepo, nthawi zina tsiku lomwelo. Ngati mafumu ndi makomiti a magombe akutali sanamve kuti inu mukufuna munthu, m'bale wanu akhoza kuikidwa ngati wosadziwika pamtunda wa makilomita ochepa chabe kuchokera kwanu, inu n'kumadikirabe zaka. Choncho tumizani anthu awiriawiri, kaya pa njinga kaya pa foni, kuti gombe lililonse lilandire nambala yanu ndi kufotokoza kwa zovala, lamba, chibangili kapena chingwe cha m'chiuno. Mukamva kuti kwinakwake aika munthu wosadziwika, pitani mukafunse amfumu ndi apolisi a kumeneko ngati anajambula zithunzi kapena kusunga zovala.

M'mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Linthipe komanso m'nyanja ya Chia muli ng'ona, ndipo m'malo ena muli mvuu. Musalole anyamata kudumphira m'madzi usiku chifukwa cha chisoni, kapena kulowa m'nyanja mwera usanaleke. Dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo ngati munthuyo analowera cha kunkhalango ya Nkhotakota, uzani alonda a nkhalangoyo, ngakhale mukudziwa kuti analowamo mosaloledwa kukatchera mpasa kapena kutola nkhuni. Mlandu wolowa m'nkhalango ndi waung'ono pouyerekeza ndi moyo wake.

Chachinayi: zipatala, zitokosi ndi nyumba zachisoni

Munthu akhoza kukhala chigonere m'chipatala osatha kutchula dzina lake. Yendani nokha ku chipatala chachikulu cha Salima, cha Nkhotakota, cha St Anne's ndi zipatala zing'onozing'ono za m'njira imene anadutsa, muli ndi chithunzi m'manja, ndipo mufunse za odwala amene anabwera osadziwika, makamaka a ngozi zapamsewu. Amene avulala kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo wodwala maganizo wopezeka akungoyendayenda akhoza kufika mpaka ku Zomba Mental. Kunyumba yachisoni kupite anthu awiri olimba mtima amene amamudziwa bwino thupi, osati mayi wake wobereka, ndipo musachedwe, chifukwa matupi osowa eni ake sasungidwa mpaka kalekale.

Funsaninso ngati sanamangidwe. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa womangidwa ufulu wolumikizana ndi achibale ake komanso wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, komabe munthu wogwidwa kutali ndi kwawo, wopanda nambala iliyonse pamtima, akhoza kukhala pa rimandi ku ndende ya Nkhotakota kapena ku Maula abale ake osadziwa.

Chachisanu: kulengeza

Wayilesi za m'dera, monga Nkhotakota Community Radio, zimafika m'midzi ndi m'magombe mmene Facebook simafika, ndipo MBC ndi Zodiak zimamveka dziko lonse. Perekani chidziwitso ku mzikiti Lachisanu ndi ku matchalitchi Loweruka ndi Lamulungu, kusukulu, pamsika ndi kuchigayo. Anthu amene amaona aliyense wodutsa ndi akabaza, makondakitala, oitanira maminibasi, ogulitsa mayunitsi ndi amayi ogulitsa nsomba ndi mandasi pa siteji. Apatseni chithunzi chosindikiza kuti achisunge, osati kungowaonetsa pafoni.

Pa WhatsApp ndi pa Facebook lembani zochepa koma zomveka: chithunzi, dzina, zaka, malo ndi tsiku limene anaonedwa komaliza ndi chaka chomwe, zovala, nambala imodzi ya banja ndi dzina la polisi imene ikudziwa nkhaniyo. Musalembepo za matenda ake obisika, za mimba kapena za mkangano wa m'nyumba, chifukwa akadzapezeka adzayenera kukhala pakati pa anthu omwewo amene anawerenga. Chizindikiro chimodzi cha pathupi pake muchisunge osachilengeza. Chifukwa chake n'chakuti nambala yanu ikangofala, kudzaimba anthu onena kuti ali naye m'bale wanu ku Mangochi kapena ku Mzuzu, akudwala, mutumize ndalama ya thiransipoti pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Ambiri mwa iwo ndi akuba odyera pa misozi ya anzawo. Afunseni za chizindikiro chija, apempheni kuti mumve mawu ake kapena amuperekeze kupolisi yapafupi, ndipo musatumize ndalama kapena kupita nokha kukakumana nawo. Nambala yawo ilembeni m'kope ndi kuipereka kwa wofufuza.

Chachisanu ndi chimodzi: foni, ndalama ndi maulendo akunja

Makampani a TNM ndi Airtel sangapatse wachibale mndandanda wa mafoni a munthu wina. Amene angaupeze ndi apolisi, atatenga chilolezo kukhoti, choncho ntchito yanu ndi kupempha wofufuza kuti achite zimenezi msanga ndi kumupatsa zomuthandiza: manambala onse, tsiku ndi nthawi imene foni inazima, ndi nambala ya IMEI imene imalembedwa pa katoni yogulira foniyo. Nambala ya IMEI imathandiza ngakhale wina atachotsa simukhadi n'kuikamo yake. Mauthenga omaliza amene anakutumizirani musawafufute, ndipo muwajambule kuti asungidwenso pafoni ina.

Amene anapita kukafuna ntchito kunja, yambani ndi munthu amene anamutenga. Lembani dzina lake, nambala yake, ndalama zimene analandira ndi zimene analonjeza. Lamulo lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu la 2015 limapereka chilango chofika zaka 14 kundende kwa wozembetsa munthu wamkulu ndi zaka 21 kwa wozembetsa mwana, ndipo kunyengerera munthu ndi ntchito yabodza n'kukamugwiritsa ntchito yakalavulagaga kuli m'gulu lomweli, kaya ndi ku Oman kumene amayi a ku Malawi anakalandidwa mapasipoti, kaya ndi mwana wotengedwa kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ntchito zapakhomo m'dziko momwe muno. Kwa amene anasowera ku South Africa, lembani kalata ku unduna woona za maubale a dziko lino ndi maiko ena ku Lilongwe, kuti ofesi za Malawi ku Pretoria ndi ku Johannesburg zifunse m'zipatala, m'ndende ndi ku Lindela, kumene amasunga anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo. Magulu a Amalawi okhala kumeneko, makamaka osonkherana za maliro, amadziwana kwambiri ndipo amafalitsa uthenga mofulumira. Pitaninso ku ofesi ya Malawi Red Cross Society ya m'boma lanu mukafunse za ntchito yawo yolumikizanitsa achibale otayana, imene amagwira mwaulere mogwirizana ndi anzawo a m'maiko ena. Dziwani kuti akamupeza munthu wamkulu amayamba amufunsa ngati akufuna kuti abale adziwe kumene ali, pakuti ena amatchona dala chifukwa cha manyazi obwerera chimanjamanja. Mumuthandize pomutumizira uthenga wakuti kumudzi akufuna iye, osati katundu.

Za asing'anga ndi kulozana zala

Sindingaletse munthu wosweka mtima kupita kumene akuganiza kuti akapeza yankho, koma ndinene mosabisa zimene zimatsatira. Mabanja agulitsa mbuzi, njinga, ngakhale munda, n'kuuzidwa kuti m'bale wawo ali moyo koma wabisidwa ndi agogo akutiakuti a m'mudzi momwemo. Mapeto ake nyumba ya nkhalamba yosalakwa yatenthedwa, anyamata a pabanjapo amangidwa, ndipo wosowa uja aiwalika chifukwa apolisi tsopano ali kalikiliki ndi mlandu watsopano. Lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo ndipo limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Tisaiwalenso anthu amene anaphedwa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo pa mphekesera za anamapopa. Ngati mukukayikira munthu, dzina lake likanenedwe kwa wofufuza pamodzi ndi chifukwa chake, osati pabwalo kapena pa Facebook.

Pamene nkhani yayamba kuzilala

Pakatha mwezi, anthu amabwerera ku minda ndi ku nyanja, mafoni amachepa, ndipo apa ndi pamene kope lija limaonetsa ntchito yake. Sankhani tsiku lokhazikika, poyamba sabata iliyonse, kenako mwezi uliwonse, lopita kukaonana ndi wofufuza. Musangofunsa kuti, “Bwana, pali chatsopano?” Funsani za chinthu chenicheni: kodi chilolezo cha kukhoti chokhudza foni chinatengedwa, kodi kondakitala uja anafunsidwa, kodi polisi ya tsidya lina inayankha. Yankho lililonse lilembeni pamaso pake. Apolisi amasamutsidwa, ndipo wofufuza watsopano akabwera, kope lanu likhoza kukhala chinthu chokhacho chofotokoza nkhani yonse mwandondomeko. Lijambulitseni, koma lenilenilo musalisiye m'manja mwa wina aliyense.

Mukaona kuti palibe chikuyenda, lembani kalata kwa mkulu wa polisiyo, yotchula nambala ya OB, masiku amene munabwera ndi zimene mukupempha, ndipo kalata ina yofanana nayo idindidwe kuti mubwerere nayo. Pamwamba pa iye pali likulu la polisi la m'chigawo ndi likulu la dziko lonse ku Area 30 ku Lilongwe. Palinso Independent Complaints Commission, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010 kuti izimva madandaulo okhudza apolisi, komanso Malawi Human Rights Commission ndi ofesi ya Ombudsman. Kudandaula kumeneku si mwano, ndipo mukachita mwaulemu ndi umboni wolembedwa, fayilo imene inali pansi imakwera pamwamba. Chaka chilichonse pa tsiku limene anasowa, bwerezani chilengezo pa wayilesi ndi chithunzi chomwe chija, chifukwa mboni imene inkaopa kuyankhula chaka chatha mwina tsopano yasamuka kapena yayambana ndi amene inkamuopa.

Otsala pakhomo

Pamene onse maso ali kunjira, mkazi ndi ana a wosowayo amakhala alibe wowayang'ana. Anawo auzeni zoona molingana ndi msinkhu wawo, kuti bambo sakudziwika kumene ali ndipo akuluakulu akufunafuna, m'malo mowanamiza kuti apita ku Lilongwe abwera mawa. Aphunzitsi awo adziwe, ndipo anawo asasiye sukulu. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya kwa DC ndi yoyenera kuifikira pa nkhani ya uphungu, fizi ndi kufunsa za Mtukula Pakhomo. Mayi kapena bambo amene sakugona, sakudya, kapena wayamba kunena kuti bola naye angofa, aperekezedwe kuchipatala osazengereza.

Katundu wa wosowayo, kaya ndi boti, injini, ukonde, munda kapena nyumba, alembedwe pamaso pa amfumu ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo agwire ntchito yolera ana ake. Munthu wosowa sanafe pamaso pa lamulo, choncho palibe amene ali ndi mphamvu yogawa chuma chake kapena kuthamangitsa mkazi wake. Ngakhale zitadziwika kuti anamwalira, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chumacho ndi mlandu. Ndalama za kubanki kapena za penshoni sizituluka popanda chikalata cha imfa, ndipo pamene mtembo sunapezeke, khoti ndi limene lingagamule kuti munthuyo atengedwe ngati womwalira. Kawirikawiri limayang'ana ngati patha zaka 7 osamveka kwa amene akanayenera kumva za iye, ngakhale kuti pakakhala umboni wamphamvu wa ngozi, monga bwato logubuduzika ndi mboni zopulumuka, loya akhoza kupempha nthawiyo isanakwane. A Legal Aid Bureau amathandiza amene sangathe kulipira loya, ndipo adzafuna kuona nambala ya OB, zilengezo ndi zonse zimene munalemba.

Funso lakuti mwambo wa maliro uchitike kapena ayi ndi la banja lokha, mothandizidwa ndi abusa, ansembe kapena mashehe. Mabanja a kummwera anakumana nalo mu 2023, pamene namondwe wa Freddy anasiya anthu oposa 500 osapezeka. Ena amapepukidwa akachita mapemphero kapena sadaka, ena amaona ngati kutero n'kumutaya munthu wamoyo, ndipo m'nyumba imodzi mukhoza kukhala maganizo onse awiri. Musakakamize mayi kumeta asanakonzeke, ndiponso musanyoze mkazi wachitsikana amene patapita zaka wapempha ankhoswe kuti amumasule. Kuchita mwambo sikutseka fayilo ya kupolisi.

Akapezeka wamoyo, mupite naye kuchipatala kaye, makamaka ngati ndi mwana kapena mtsikana, ndipo mafunso ambiri adikire mpaka atadya ndi kupuma. Dziwitsani apolisi kuti amve kwa iye mwini zimene zinachitika, uzani amfumu, a wayilesi ndi makomiti a m'magombe kuti asiye kufufuza, ndipo chotsani zithunzi zake pa Facebook ndi kupempha amene anazifalitsa kuti achite chimodzimodzi. Ngati anathawa nkhanza za pakhomo pomwepo, asabwezedwe m'nyumba imeneyo a Victim Support Unit ndi a chisamaliro cha anthu asanaunike nkhaniyo.